Chiguduli m'malo mwa fyuluta

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Chulu. Tonse tili bwino, mayi miyendo ija yasiya kutupa. Kaya inu ndi alamu ku Joniko?

Ndalemba kuti ndiulule. Paja ndinakuuzani pafoni kuti pikapu munatisiyira ija yafa tebo, chipangizo chowonjezera mphamvu ya injini chija, ndipo ogulitsa anakupusitsani. Wolakwa ndine.

Fyuluta ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, ndinaitaya n'kumangapo chiguduli chokutira mabelo a fodya, poganiza kuti mpweya uzidutsa bwino. Tsiku lokagula feteleza wa makuponi, galimoto inayamba kutsamwa, utsi wakuda tolotolo, pakamtunda ikuyenda ngati ngolo. Tinafika kudepoti dzuwa litapendeka, feteleza atatha. Mayi anangopinda makuponi awo n'kumanga pansonga ya chitenje.

Makaniko wina kuboma anazula waya wa sensa, kachipangizo koyeza mpweya wolowa mu injini, ndipo kutsamwa kunachepa. Atamasula sensayo, tinapeza yadzaza fumbi ndi ulusi wa chiguduli. Anaipopera mankhwala otsukira, osaikhudza m'kati ndi chala, n'kuika fyuluta yatsopano.

"Tebo ilibe mlandu," anatero. "Chigudulichi anamanga ndani?"

Ndinangoyang'ana pansi.

Pano galimoto ikuthamanga, koma chimanga cha mayi chasanduka chachikasu, ndipo iwo akudandaulabe kuti munagula galimoto yakutha. Dzina lanu ndinaipitsa ndine. Mundikhululukire, achimwene. Mukaimba Lamlungu musawauze kanthu. Ndilimbe mtima ndiwauze ndekha.

Ambuye akusungeni kuchilendoko.

Ine mng'ono wanu,
Yohane