Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ndiyambe ndakukumbutsani za ntchito yanga kuti mumvetse vutoli. Kuno kuli chimakina cha pansi pa nthaka chimene chimathamangitsa timitima ta maatomu a mtovu n'kutiwombanitsa. Tikawombana, pamatuluka tizidutswa tambirimbiri. Ine chimakinacho sindichigwira. Yanga ndi masamu olosera kuti tizidutswato tituluka tingati ndiponso ta mitundu iti. Kenako anzathu a ku makina amayerekeza zanga ndi zimene aona.

Zaka zitatu ndakhala pa masamu amenewa, m'kachipinda kopanda windo kamene timagawana ndi mnzanga wina. Mwezi watha zanga zinafanana ndendende ndi za makina. Abwana athu, amene timawatchula a Choko chifukwa jekete lawo limangokhala mbuu, anakondwa mpaka kulembera akatswiri a mayiko ena. Anandiikanso pa mndandanda wa okalankhula ku msonkhano wawo mwezi wamawa.

Lachiwiri m'mawa, ndikukonza zokalankhulazo, ndinapeza kuti pa tsamba lachisanu ndi chiwiri la masamu anga aja ndinawerenga mtundu umodzi wa tizidutswa kawiri. Nditakonza, mzere wosonyeza kulosera kwanga pa chithunzi unagwera pansi, kutali ndi timadontho ta zimene makina anaona. Ndinabwereza kanayi, yankho lomwelo.

Mnzanga uja anandilangiza kuti nditseke pakamwa mpaka msonkhano udutse, ati palibe amene amafika pa tsamba limenelo. Koma chaka chatha mayi wina pano anabisa zoterezi. Zitaululika anamuchotsa, ndipo chilolezo chake chokhalira m'dziko muno chinathera pomwepo. Changanso chimadalira siginecha ya a Choko.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene. Dzulo ndinakagogoda ku ofesi yawo n'kuwauza zonse ndili chiimire. Anavula magalasi, nayang'ana tsambalo nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati pali wina amene waliona. Nditatchula mnzanga uja, anangoti ndibwere Lolemba nthawi ya naini. Sanakalipe, ndipo chimenechi ndiye chikundiopsa kwambiri. Lero tinakumana pa masitepe, anangogwedeza mutu n'kudutsa. Sutikesi ndaitsitsa pamwamba pa kabati, koma sindinaikemo kanthu.

Pempho langa ndi limodzi. Tsambalo ndalijambula n'kulitumiza pa foni yanu. Inu mwaphunzitsa masamu zaka makumi awiri, ndipo ndinu munandigwira dzanja pa alijebula. Za maatomu musazilabadire, pamenepo ndi kuphatikiza ndi kuchulukitsa basi. Mulichonge ndi cholembera chofiira monga muchitira ndi ana anu a sukulu, mopanda chisoni, ndipo mundiyankhe Lolemba lisanafike. Ngati pali cholakwa chinanso, ndikufuna ndikachitchule ndekha iwo asanachipeze.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali ndi ana onse. Amayi muwauze kuti ndili bwino. Ndamva kuti alengeza kale kwa aneba kuti mwana wawo akalankhula pamaso pa akatswiri. Musawatsutse. Ndiwauza ndi pakamwa panga ndikatuluka mu ofesi muja.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa pakhomo