Kompyuta Yamera Ndere, Musayiyatse

Bwana wanga,

Chonde musayatse kompyuta yanu yozizira ndi madzi ija, mkati mwake mulibe madzi ndi dontho lomwe, ingapse. Aja a pampopi ndinathiramo kuti aziiziziritsa amera ndere, timapaipi tonse biriwiri ngati chithaphwi cha achule. Ndawakhuthulira m'beseni lanu lochapira, pepani.

Achimwene anu akuti ndithiremo madzi a rediyeta ya galimoto. Ndakana, kompyuta si minibasi. Ndathamangira kutauni kukagula madzi a batire, aja opanda asidi, ndi timankhwala topha ndere. Utoto wofiira mumafuna kuthira m'madzimo uja tiusiye, ungatitsekere pampu.

Zithunzi zaukwati za kasitomala wanu zili bwinobwino, mumaliza masana ano.

Inde, munandiuza kuti a pampopi ayi. Sekeranitu panopa, ndikamafika mukhale mutamaliza kusekako.

Wanu wosamva uja