Ng'oma ya Bambo Ili M'foni

Okondedwa achemwali a Doris,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumeneko ku Khwethemule? Msana uja wasiya, kapena kapitawo akukusenzetsanibe dengu la tiyi mpaka dzuwa kupendeka? Nanga amayi, miyendo ija yaphwa? Ine kuno ku Joni thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Musaseke kuti munthu wogulitsa mafoni walemba kalata ngati wamakedzana. Nkhani ndili nayoyi ndi yoti mukawawerengere bambo aang'ono, a Stewart, ndipo inu mukuwadziwa, nkhani yokhudza maliro pafoni saimva. Ndapatsira dalaivala wa katundu uja wa ku Goliati.

Ntchito ndikadali pashopu yomwe ija. Malonda a mafoni kuno ndi nkhondo, achemwali. Mashopu angoti ndondondo mumsewu umodzi, aliyense kufuna kukhala ndi chimene mnzake alibe. Chaka chatha anthu ankathamangira ya makamera ambiri, kenako ya batire yosatha msanga. Pano yabwera yoimba. Sindikunena yoikamo nyimbo ayi, foniyo payokha ndi choimbira. Mukauzira kumunsi kwake imalira ngati chitoliro, mukaigwedeza ndi maseche, mukamenya kumsana kwake ndi zala yasanduka ng'oma. Achinyamata apenga nayo.

Abwana ataona kuti zala zanga zimadziwa kumenya, anandichotsa kokolopa n'kundiika pakhomo, pafupi ndi sipika, kuti ndiziiliza anthu odutsa aziima. Ndinakondwa, ndisaname. Ndinati ndowa zija bambo ankatiphunzitsirapo ng'oma zandipezetsa ntchito yokhala pampando. Sindinadziwe kuti walira mvula walira matope.

M'fonimo muli ng'oma za mayiko osiyanasiyana, munthu umangosankha. Tsiku lina ndikuziyesa imodziimodzi ndinafika pa ina imene anangoilemba kuti ya ku Africa. Nditaikhudza ndinaizindikira nthawi yomweyo. Inali ng'oma ya gule wa tchopa, koma osati ya wina aliyense. Kanali kamenyedwe kaja kochedwetsa dzanja lamanzere ngati munthu waiwala, kenako manja onse n'kugwera pamodzi. Ndinadziuza kuti Tione usapenge, omenya tchopa ndi ambiri. Ndiye ndinaisiya ilire yokha mpaka kumapeto. Kumapetoko munthu akutsokomola. Chifuwa chija, achemwali, chouma, cha fumbi la mufakitale. Ndi bambo.

Mukuwakumbuka alendo aja anabwera pabwalo la mpira la esiteti ndi maikolofoni yaubweya, bambo akadali ndi mphamvu? Anati akujambula zoti ana asukulu aziphunzirira chikhalidwe, n'kuwasiyira chipewa. Bambo anachivala chipewacho mpaka chinang'ambika. Ndi omwewo, palibenso ena. Zinayenda bwanji kuti mawuwo alowe m'foni, sindikudziwa, ndipo palibe amene angandiuze.

Tsono inu nomwe munandiuza kuti atamwalira bambo, a Stewart analamula kuti ng'oma yawo ifunditsidwe chitenje, isalire mpaka chiliza chimangidwe, ndipo mwana wawo aliyense asaikhudze. Ine ndinamva. Kuyambira tsiku limene ndinazindikira lija ndinaisiya ng'omayo, ndinkangouzira chitoliro. Koma chitoliro sichiimitsa munthu wothamangira minibasi. Ng'oma zinazo ndinayesa, anthu ankangocheuka n'kumapitirira. Imene imawagwira miyendo ndi ya bambo basi.

Abwana atandifunsa ndinawafotokozera zonse, osabisa. Sanaseke. Anati nakonso kwawo akufa amawalemekeza, koma iwo anagula mafoni, sanagule maliro. Foni anaipereka kwa Olivia, mtsikana wa konkuno amene timagwira naye, ine n'kubwerera ku chikolopa changa.

Olivia si woipa mtima, koma ng'oma saidziwa ngakhale pang'ono. Amamenya ngati akupha nsikidzi. Choipitsitsa, watulukira kuti anthu amaseka chifuwa chija. Ndiye amangodinadina pomwepo, bambo n'kumatsokomola kosalekeza pasipika, msewu wonse kumva. Anyamata amachita kugwa nacho chiseko, ena mpaka kutsanzira atagwira pachifuwa. Sabata yatha magazi anandikwera, ndinamulanda foni pamaso pa makasitomala. Akanapanda kundigwira mlonda ndikanamuomba khofi, ndipo lero bwenzi mukumva zina.

Abwana anandiitanira kuseri. Anati zondilekerera zatha, chikolopa apereka kwa mphwawo amene wabwera kumene, ndipo ine malo anga ndi amodzi okha.

"Mwezi wamawa tikukaonetsa foniyi kumsika waukulu. Ukamenye ng'oma imeneyi mmene umadziwira, apo ayi upeze kwina."

Kwinako kulibe, achemwali. Mapepala anga anatha, ndipo olemba ntchito munthu wotere ndi ochepa. Amene ndimagona nawo chipinda chimodzi akuti ndine chitsiru, ndingomenya, ndani akandinenere ku Thyolo. Mwina akunena zoona. Koma zala zimakana, ndipo ndimaopa. Amayi akudwaladwala chonchi, chikawachitikira china ndikadzati sindine?

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa a Stewart, musatume mwana, mupite nokha. Mukawafunse kuti ng'oma ili m'foniyi ndi ya bambo kapena si yawo. Chikopa ndi mtengo zili komweko pansi pa chitenje, koma dzanja lawo lili kuno. Ngati ndi yawo, adziwe kuti yakhala ikulira kale m'matumba mwa anthu osawadziwa n'komwe, m'mabasi, m'mabawa, ndipo woletsedwa ndine ndekha, mwana wawo. Akandilola ndiziimenya mwaulemu, ndiziidula isanafike pachifuwa, pasapezeke woseka. Akakana ndimvera, sindichita makani. Pamenepo mundifunsiretu kwa kapitawo wanu ngati dengu lina lilipo, ndidzathyole tiyi pambali panu. Yankho mumupatse dalaivala yemweyu pobwerera, mwezi usanathe.

Amayi musawawerengere za chifuwazi. Muwauze kuti ntchito ikuyenda.

Koma a Stewart muwawerengere ichi, musadumphe. Inu kumeneko munawadwazika bambo, munawagwira dzanja, munaponya dothi m'manda. Ine ndinangouzidwa pafoni, ndipo malire anandikaniza kubwera. Chithunzi chawo ndilibe, mawu awo sindinawasunge paliponse. Olivia akamaseketsa nawo anthu ndimapsa mtima kwambiri. Komabe masiku onsewa ndakhala ndikukolopa pang'onopang'ono pafupi ndi sipika, malo oyera kale, kuti ndiwamve akutsokomola. Ndikachoka pashopu pano sindidzawamvanso.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu a Hopeson, kwa azakhali a ku Kapichi ndi ana anu onse. Bambo aang'ono muwagwadire m'malo mwanga.

Ndine mng'ono wanu,
Tione