Kamunthu Kopanda Manja Kamene Tadala Anajambula

Amayi, kodi kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno tilipo. Kachewere wa kudimba kwanu wachita bwino, tagulitsa pa Nsipe, ndipo Esinati wa achimwene wabereka mwana wamkazi wa mphuno yanu yomwe ija. Koma chandikhazika pansi lero ndi mwana wanga Tadala, mdzukulu wanu wa mpira wamanja uja, amene munkamuseka kuti miyendo ngati nsungwi.

Tsiku lomwe munatisiya, iye anali ku mpikisano wa mayunivesite. Tinagwirizana pasiwa kuti tisamusokoneze, ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinamuuza pa foni kuti, "Agogo angodwala pang'ono, iwe sewera." Anabwera ndi mendulo m'chikwama n'kupeza tameta kale. Sanalire. Ine n'kumati mwana wolimba mtima, watengera agogo ake.

Mwezi watha anandiitanitsa kusukulu kwawo. Kuli mayi wina woona za maganizo, amene amapatsa osewera onse pepala ndi pensulo kuti ajambule munthu ali pamvula. Ndinaseka, Amayi. Ulendo wonsewu andiitanira zojambula za kusukulu yamkaka? Mayiyo anati chithunzi pachokha sichigamula kanthu, chimangotsegula pakamwa pa munthu amene wasunga zinthu mumtima.

Anzake a Tadala akuti anajambula maambulera, ena munthu atausa pakhonde. Tadala anajambula kamunthu pakona ya pepala, kopanda manja, kwinako mvula yokhayokha mpaka pensulo inaboola pepala. Mayiyo atamufunsa mofatsa m'pamene zinatuluka: tulo sakupeza, chakudya sichikulowa, kubwalo amangodzikoka, ndipo anali atalongedza kale kuti asiye sukulu.

Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amama, ine ndinkadumpha kusangalalira zigoli agogo ali m'bokosi. Munandibisiranji?"

Ndinasowa poika nkhope, ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa. Munkakonda kunena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Nkhonya imeneyi ndinailandira, ndinapepesa kwa mwana wanga pamaso pa mlendo.

Akuonanabe ndi mayi uja sabata iliyonse, ndipo sukulu sanasiye. Loweruka akubwera kuno. Ndipita naye pamanda panu, ndipo akayamba kulira sindimuletsa, ngakhale mudzi wonse utuluke kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Mumulandire, Amayi. Kwa iye maliro anu akuyamba tsopano.

Ndikulonjeza kuti sindidzabisiranso mwana maliro, olo akhale pakati pa bwalo.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi kukusowani,
Felesiya