Keziya Alembe Mayeso pa Dzina Lake

Ndirande, Blantyre
15 Sepitembala 2024

Okondedwa Bambo,

Choyamba ndifune kumva za moyo wanu pamodzi ndi amayi. Kodi bondo lija linasiya kutupa, kapena mukupalasabe njinga mpaka ku Mkanda ngati mnyamata, uku mukuuza anthu kuti palibe vuto? Ife kuno tilipo. Mpongozi wanu Luwiza ali bwino, kungoti madzi akuvuta, pampopi pakumatha masiku atatu osadontha kanthu. Kutentha nako kwayamba msanga chaka chino.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo ine ndimangoti chabwino ngakhale pamene zinthu sizili bwino.

Amayi anandiuza kuti mlongo wanga Keziya wakhoza mayeso a Sitandade 8 koma sanasankhidwe kupita ku sekondale. Anandiuzanso kuti mwapangana zoti akabwereze kusukulu ina cha ku Kachebere, ndipo kumeneko akamulembetse pa dzina lina kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Njira imeneyi ndi yomwe munandidutsitsa ine, ndiye lekani ndikuuzeni kumene yandifikitsa.

Mukukumbuka kuti nditalephera kusankhidwa kawiri, munanditumiza kwa azakhali n'kukandilembetsa pa dzina la mwana wawo Gerald Mbewe, amene anali atasiya sukulu n'kupita ku Zambia. Anthu ankati obwereza sawasankha. Inu munakhulupirira, inenso ndinakhulupirira. Ndinasankhidwadi, pakhomo panalira nthungululu. Kuyambira pamenepo masatifiketi anga onse mpaka ya Fomu 4 ali pa dzina la Gerald. Koma chiphaso cha unzika ndinalembetsa pa dzina langa laubatizo, chifukwa tsiku lolembetsalo munali pambuyo panga pamzere, ndipo ndinachita manyazi kutchula dzina la eni inu mukumva.

Mwezi wathawu kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira inandiitana ku intaviyu ya ukalaliki. Tinalipo ambiri, koma pa mayeso olemba ndinakhala nambala wani. Tsiku loti ndisaine, mayi wa mu ofesi anaika satifiketi ndi chiphaso pamodzi patebulo, n'kundifunsa kuti mwa anthu awiriwa ine ndine uti. Ndinafotokoza zonse osabisa. Iye anati nkhani zotere wazimva kambirimbiri kwa anthu obwereka mapepala a anzawo. Anaitana mlonda, amene anandigwira pa lamba mpaka pageti anthu akuonerera. Bambo, ndinalira mumsewu, ine munthu wapabanja. Pano ndabwerera kokanyamula matumba a simenti.

Ndayenda m'maofesi kufuna kukonzetsa masatifiketiwo. Akuti ndibweretse kalata ya aphunzitsi aakulu amene anandilembetsa, yovomera kuti anandilemba pa dzina la munthu wina. Inu mukudziwa kuti iwo aja anamwalira, ndipo ngakhale akadakhala moyo, ndani angalembe kalata yodzimangitsa yekha?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti si dzina la Gerald limene linandikhozetsa. Gerald mwiniwakeyo ankalephera ndi samu yochotsera yomwe. Chimene chinasintha chaka chimenecho ndi nthawi. Kwathu ndinkajomba masiku a msika, ndipo nyengo yosankha fodya ndinkaoneka kusukulu kawiri pa sabata. Kwa azakhali ndikaweruka ndinkadya n'kupita pakhonde la tchalitchi ndi anzanga awiri. Tinkatenga pepala la mayeso akale, kuika wotchi pakati, n'kulemba ngati tili m'mayeso enieni. Kenako tinkachongerana, ndipo funso lililonse limene ndalakwa ndinkalikopera m'kope lapadera n'kudzalibwereza Loweruka. Tinkatero tsiku ndi tsiku, maola awiri okha, dzuwa likadalipo.

Keziya ndi wanzeru kuposa ine, koma kawerengedwe kake ndinakaona nditabwera pa Pasaka. Amaika kope pamwendo, manja akuswa mtedza, pakamwa akuloweza manotsi ngati nyimbo ya kwaya. Anandilakatulira tsamba lonse la sayansi osaphonya liwu, inu n'kumamwetulira kuti mwana wakonzeka. Nditamufunsa zomwezo mozungulira pang'ono, anangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Masamu ndiye amawalumpha dala, akuti amamupweteketsa mutu. Pamenepo muwonjezere masiku amene amajomba poperekeza amayi kumsika. Mwana wowerenga chonchi, ngakhale mutamupatsa mayina khumi, zotsatira zidzabwera zomwezo.

Pempho langa ndi limodzi. Keziya abwereze pasukulu yake yomweyo, pa dzina lake, ndipo akaweruka muzimusiya awerenge kaye maola awiri asanakhudze ntchito iliyonse. Ndikudziwa kuti pakhomo manja ndi ochepa ndipo bondo lanu silikulolani zambiri. Nyengo yosankha fodya ndidzabwera ndekha kudzakhala pamphasa m'malo mwake, kaya ntchito ndidzakhala nditaipeza kaya ayi. Mapepala a mayeso akale ndasonkhanitsa a zaka zisanu, ndawapatsira a Phillip, mnansi wathu woyendetsa thiraki amene amadutsa pa Boma popita kumalire. Adzakuimbirani akayandikira. Keziya apeze anzake awiri olimbikira, osati ankhani aja ndinawapeza pachitsime, ndipo ayambe ndi masamu amene amawathawawo.

Mwina mufunsa kuti nanga akapanda kusankhidwanso. Pamenepo sindingakulonjezeni kanthu, malo ndi ochepa ndipo ana ndi ambiri. Zikadzatero tidzamufunira sukulu zolowa masana zija, ambiri adutsira momwemo ndipo ali pantchito. Chachikulu n'chakuti pepala lililonse limene adzalandire lidzakhale lakelake.

Tsopano ndinene nkhani imene ndakhala ndikuizengereza. Munthu wina wodziwa malamulo wandiuza kuti poti mapepala akanika kusintha, chatsala n'chakuti ndisinthe ine. Ndikalumbire kukhoti kuti kuyambira tsopano ndine Gerald Mbewe, kenako ndikasinthitse chiphaso. Ndakana kwa masabata atatu. Koma Luwiza ndi woyembekezera, ndipo msana wanga sungapirire simenti mpaka kalekale. Ndikupita Lachinayi, moti pamene muziwerenga kalatayi zidzakhala zitachitika kale. Mdzukulu wanu woyamba akadzabadwa, m'kaundula adzalembedwa kuti ndi wa kwa Mbewe.

Sindikukuimbani mlandu. Munachita zija pondifunira zabwino, ndipo tsiku limene ndinasankhidwa munanyadira kuposa ine. Koma munabereka ana awiri okha, Bambo. Musalole kuti tonse awiri tiziyenda ndi mayina a eni inu muli moyo.

Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo nkhani yakukhotiyi muwauze ndinu, ine sindingathe. Moni kwa azakhali ku Kachebere, kwa amalume ndi ana awo onse. Keziya mumuuze kuti achimwene ake adzamufunsa masamu pa Khirisimasi, asadzanamizire mutu. Luwiza akuti Mulungu akusungeni nonse.

Ndasaina dzina lonse monga munandipatsira, poti aka n'komaliza.

Ndine mwana wanu,
Vitus Sakala