Ma Clever Atatu, Nambala ya Msonkho Imodzi

Lolemba, 12 Meyi

Mvula chiyambire m'mawa. Komboni yathu ya Wallacedene yonse matope okhaokha. Nsapato zanga zatsopano zabatizidwa.

Nkhani ya lero: boma latseka pulogalamu yakale yotumizira mapepala a msonkho wa antchito. Akuti yakalamba. Yakalamba kwa ndani? Zaka zisanu ndi ziwiri ndili nayo, sinandidwalirepo ngakhale chimfine. Meyi aliyense a Brandon, bwana wanga wa kampani yokonza maluwa kuno ku Kraaifontein, amandichotsa pa wilibala n'kundikhazika pampando wozungulira. Antchito khumi ndi mmodzi. Dzina, nambala ya msonkho, zomwe munthu walandira chaka chonse, zomwe boma ladula. Batani lobiriwira, lotuwa, lobiriwira kachiwiri, zapita. Tiyi asanazizire. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, koma a madigiri akandiona pa kompyuta amabisa masatifiketi.

Tsopano akuti zonse zizidutsa njira yatsopano ya pa intaneti. Tsiku lomaliza 31 Meyi. A Brandon thukuta kamukamu, kunja kukuzizira chonchi. "Clever, ukwanitsa koma?" Funso lofunsa ine limenelo?

Lachitatu, 14 Meyi

Ndaiona njira yawo yatsopanoyo. Mitundumitundu ngati chitenje cha pa chinkhoswe. Yopangidwa ndi tiana tosadziwa kuti khasu amagwira mbali iti. Akuti wotumiza mapepala ayambe walembetsa iye mwini: pasipoti, nambala ya msonkho, nambala ya foni, kenako nkhope pa kamera. Nkhope yangayi? Aitenge. Akaipachike mu ofesi mwawo, antchito azifika msanga.

Akazi anga, amake Ulemu, ndikuwafotokozera, m'malo moombera m'manja: "Nanga anthu anu aja?"

Amanena Layton ndi Shaban. Layton ndi mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono, woperekera zakudya mu resitoranti ku Sea Point. Shaban ndi Myao wa ku Machinga, tinadziwana pa basi yobwera kuno, amanyamula simenti ku Brackenfell. Onse awiri anafika opanda pemiti. Ndinawapatsa fotokope ya pasipoti yanga, ya pemiti, ndi nambala ya msonkho. Kuntchito kwawo onse ndi Clever Matewere. Chachilendo palibe, Amalawi timatero, nanenso nditafika ndinali Philip kwa miyezi isanu ndi itatu. Ndipo ine sindilipiritsa ngati ena. Nkhuku pa Khirisimasi, basi.

Ndiye mukati Cape Town imayenda ndi ndani? Clever akudulira maluwa, Clever akumanga nyumba, Clever akuperekera nsomba kwa azungu. Nditangodwala ine, mzinda wonse utseka.

Pulogalamu yakale sinafunsepo kanthu. Yaulemu, yoleredwa bwino. Amake Ulemu nkhani zawo amazitola kwa madamu awo uku akukolopa. Ndawauza kuti za makompyuta asiyire eni ake.

Loweruka, 17 Meyi

Kumeta kwa Mkongo wa pa kona, R50. Wakuba. Koma Lolemba boma likundijambula, sindingapite ngati mbuzi. Shati yoyera yasitidwa. Parafini watha.

Lolemba, 19 Meyi

Chinthu chopusa chotere sindinachionepo chibadwire.

Ndalemba zonse bwinobwino, chala chimodzi koma chothamanga. Ndakonza kolala kudikira kamera. Icho: munthu ameneyu analembetsa kale. Kale liti? Ndayambiranso. Chimodzimodzi. Kasanu. Kenako akuti tatumiza nambala yachinsinsi ku foni yanu yothera 47. Yanga imathera 12. Ndakhala ndikuyang'ana foni mpaka nthawi ya nkhomaliro, zii.

Ndawauza a Brandon kuti netiweki ya boma yagwa. Akhulupirira. Boma kuliimba mlandu n'kosavuta, silibwera kudzakana.

R50 yanga yapita pachabe.

Lachiwiri, 20 Meyi

47. Ndaipeza mu foni mwanga momwe. Layton.

Ndamuimbira ndili kuseri kwa mulu wa manyowa. Akuti mwezi watha abwana awo anawandandalitsa onse kukhitchini, aliyense alembetse pa njira yatsopano kuti azilandira yekha pepala lake la msonkho. "Nanga ndikanakana bwanji, achimwene? Kunotu Clever ndi ine."

Kunotu Clever ndi ine! Kamnyamata kamene kanatsika basi ndi jumbo imodzi, m'kati muli buluku ndi Baibulo lopanda chikuto. Kanagona pansi pa tebulo langa miyezi inayi, kakulira ndi kuzizira. Sitima kanali kuiopa. Foloko ndinakaphunzitsa ndine.

Ndakumbukanso: Epulo anadzabwereka pasipoti yeniyeniyo masiku awiri, akuti za ku banki. Ndinampatsa ndikuseka, n'kumuuza kuti asaidetse ndi msuzi.

Zazing'ono izi. Loweruka ndikamukoka khutu, achotse nkhope yakeyo, ndiikepo yoyenera.

Lachinayi, 22 Meyi

A Brandon afunsa katatu. Netiweki, bwana. Kwatsala masiku asanu ndi anayi.

Loweruka, 24 Meyi

Sea Point. Sitima, kenako takisi. Mphepo ya kunyanja yofuna kundivula jekete. Agalu a kumeneko amavala majuzi abwino kuposa langa.

Ndalowa pakhomo la kumbuyo. Ndauza mlonda kuti ndikufuna Layton. Sakumudziwa. Ndayesa kawiri, kenako ndagonja: ndikufuna Clever. Nkhope yake ngwee kuwala: "Aa, Clever! Munthu wabwino kwambiri." Zikomo, ndikudziwa.

Watuluka. Shati yakuda, kachitsulo pachifuwa kolemba dzina langa. Anamukweza, tsopano ndi mkulu wa operekera zakudya. Ine osandiuza. Mtsikana wa pa kauntala kumukodola, Clever uku, Clever uko. Akuti akufuna kumanga naye banja. Adzakwatira ndi dzina la yani, sindinafunse.

Ndamuuza zochotsa nkhope. Wagwira m'mutu. Akuti sizichotsedwa ngati chithunzi cha pa khoma, mpaka munthu akaonekere ku ofesi ya misonkho n'kuvomera kuti ananama. Ntchito itha, mwina n'kumangidwa. "Achimwene, bwanji ndizibwera kuntchito kwanu, ndiziyang'ana pa kamerapo, inu muzidina mabatani?" Nzeru za m'khitchini. A Brandon aone ma Clever awiri pa mpando umodzi?

Wandipatsa tchipisi ndi nsomba m'kabokosi, ndi R200 ya thiransipoti. Ine kupatsidwa thiransipoti ndi Layton. Ndinafuna kumuponyera kumaso. Ndalandira, sitima siyendera ulemu.

Nsombayo inali yokoma. Zandinyansa.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ofesi ya misonkho. Mzere kuyambira pakhomo mpaka ku Mwanza. Maola anayi. Ndinapita ndi mtima umodzi: mwini dzina wafika, konzani zinthu zanu.

Mayi wa pa windo, magalasi pa mphuno. Wayang'ana pasipoti, wayang'ana ine, wayang'ana kompyuta. Wabwerezanso. Wanditembenuzira kompyutayo pang'ono: Layton, akumwetulira ngati wapambana mpikisano. Ndiye chithunzi cha mu pasipoti n'cha 2016, ndili wowonda ngati ndodo, masaya asanabwere. Mayi anga ndi mayi a Layton ndi a mimba imodzi, chipumi n'chomwecho, makutu omwewo. Ndinene zoona m'buku langa lino: Layton amafanana ndi pasipoti yanga kuposa ine.

Mayiyo akuti pa dzina limeneli pakuoneka ntchito zitatu, Kraaifontein, Sea Point, Brackenfell. "Bambo, mumagona nthawi yanji?" Ndinati ndine wolimbikira. Sanaseke. Anthu a m'maofesi nthabwala anazisiya ku sukulu.

Njira akuti ndi imodzi. Ku polisi, kalata yolumbira kuti wina anaba dzina langa, atsegule mlandu, ndibwere ndi nambala ya mlanduwo. Akafufuza adzaona amene ali Clever weniweni.

Anaba. Nanga pasipoti ndinampatsa ndi dzanja langa, ndikuseka.

Pobwerera ndinakhala pa siteshoni osakwera sitima ziwiri. Dzinali anandipatsa ndi malemu bambo anga, ku Bvumbwe. Ankati ndinabadwa maso ali otsegula.

Lachinayi, 29 Meyi

A Brandon atopa ndi netiweki yanga. Abweretsa mayi wina wowerengera ndalama, Sharifah, wa ku Bellville. Kachikwama, kalaputopu, zikhadabo zopenta. Wakhala pampando wanga wozungulira osapempha. Ntchito yanga ya zaka zisanu ndi ziwiri, mphindi makumi anayi, uku akuyankha foni. Kuthamanga si luso. Nkhuku nayo imathamanga.

Mayina khumi adutsa. La khumi ndi chimodzi lafiira. Langa.

Anandiitana ndili ndi fosholo m'manja. Ndinayamba za netiweki, Sharifah n'kundiyang'ana ngati mwana wonama ali ndi shuga pakamwa. Ndinaulula theka. Theka linalo anamaliza okha. A Brandon sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti amandikonda, koma sangasunge munthu amene boma likuti nthawi yomweyo ali ku Sea Point, chindapusa chake chingatseke kampani. Lolemba ndibwere ndi kalata ya ku polisi, apo ayi ndisabwere.

Maluwa onse a ku Durbanville amandidziwa ine. Adzafota, muona.

Lachisanu, 30 Meyi

Amake Ulemu: "Pitani ku polisi, bambo a Ulemu. Lendi salipira ndi chibale." Sananene kuti ndinakuuzani. Angoyika mbale patebulo mwamphamvu, mawu ake ndi omwewo.

Ndinavala jekete. Ndinafika mpaka pa geti la polisi. Foni: mayi aang'ono, kuchokera ku Bvumbwe. Layton wawauza. Sanandipemphe kanthu, kuchenjera kwa akuluakulu. Angoti malata a nyumba afika theka, ndi Layton akutumiza, ndipo mvula ya chaka chino aigonera pouma chifukwa cha ine, mwana wa mkulu wawo, amene ndinamutsegulira mwana wawo chitseko ku Joni. "Mulungu akudalitse, Clever." Adalitse uti?

Komanso ndikalumbira, wapolisi adzafunsa kuti pasipoti inafika bwanji ku Sea Point. Layton pa basi ya boma, Shaban pambuyo pake, ine wachitatu. Tonse kukatsikira ku Mwanza, ma Clever atatu, jumbo imodziimodzi.

Ndinagula malalanje pa geti pomwepo n'kubwerera. Wapolisi wa pakhomopo ngakhale kundifunsa. Aulesi.

Lamulungu, 1 Juni

Ku tchalitchi ndaimba besi monga mwa masiku onse, denga linanjenjemera. Palibe akudziwa.

Masana kwabwera Shaban, kapepala kopindidwa kanayi m'thumba. Mlamu wake anabwerera ku Machinga chaka chatha, akuweta mbuzi, pemiti ikadali ndi chaka, dzina likungokhala. Hussen Maulidi. Ku Brackenfell kwawoko akufuna anthu a simenti, kapitawo safuna nkhope, amangofuna fotokope. Shaban salipiritsa, akuti nkhuku pa Idi.

Ine, mkulu wa kwaya, Hussen. Wa pa kompyuta, simenti pamutu. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Kapepalako ndatenga. Ndi za masabata awiri izi, akangoona mmene ndimagwirira andipatsa ofesi.

Potuluka Shaban anaima pakhomo, akukanda m'khosi. "Chimodzi chokha, akulu. Kumeneko akafuula kuti Clever, musayankhe. Ameneyo ndi ine."

Galimoto ya ku Brackenfell imanyamula anthu hafu faifi m'mawa pa Old Paarl Road. Amake Ulemu akuti tiyeserere, ndingakachite manyazi. Zaka khumi ndi zinayi m'banja, mkazi ameneyu sanatchulepo dzina langa, ngakhale pa ndewu. Lero ali kuseri kwa katani, akupukuta mbale, mwadzidzidzi: "Clever!"

Ndacheuka.

Akuti tiyambirenso.