Imelo Yonditchula Kuti Inu

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti ine ndatopa mpaka m'mafupa. Ndalemba papepala chifukwa kompyuta yanga ya kuntchito anailanda, ndipo nkhani yake ikukhudza inu.

Lachiwiri lapitali ndili pa desiki yanga yolandirira odwala, mzere utafika mpaka pakhomo, kunabwera imelo ya dzina lanu. Inati: "Mng'ono wanga wokondedwa, muli bwanji? Ndakusowani. Tsegulani apa muone zithunzi za ana, lero lomwe zisanafufutike."

Mwezi wathawu mkulu wa makompyuta anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera n'kutiphunzitsa za akuba oterewa. Anati, "Muziyang'ana adiresi, osati dzina. Akamakufulumizitsani, dziwani kuti ndi msampha. Mukakayika, muimbireni foni mwini wakeyo." Ndinayang'anadi adiresi, ndipo pa dzina lanu panali pataonjezeka chilembo chimodzi. Kufulumizitsa nakonso kunalipo. Koma ngakhale popanda maphunziro onsewo ndikanadziwabe. Inu, Achemwali, kunditchula ine kuti "inu"? Chibadwire ine ndine "iwe Kamlomo". Ngakhale tsiku la ukwati wanga munati, "Iwe Kamlomo, imirira bwino, ukukwinya diresi."

Zoimbira foni mwini wake ndiye zinandikanika. Ndikanayambira pati? Patha zaka ziwiri chiikireni bambo m'manda, tsiku limene ndinakunenani pamaso pa anthu kuti inu mumangodziwa kubwera kudzalira, kudwazika mumasiyira ena. Kuyambira pamenepo simunandilankhulenso, ndipo sindikukuimbani mlandu.

Ndinatsegula. Panabwera tsamba lofuna pasiwedi ya imelo yanga ya kuntchito, ine n'kulemba. Zithunzi panalibe. Pofika masana, imelo yanga inali itatumiza uthenga womwewo kwa madokotala onse, mpaka bwana wamkulu naye anatchulidwa kuti mng'ono wanga wokondedwa.

Mkulu wa makompyuta anabwera atanyamula zingwe zake, nkhope ili gwa.

"Mayi, si inu munakhala kutsogolo tsiku lija, mukulemba chilichonse?"

"Ndine. Sindinazindikire, abambo."

Anasinthitsa pasiwedi aliyense, n'kutenga kompyuta yanga kuti akaiyeretse. Bwana anandipatsa kalata yochenjeza: zikachitikanso, ntchito yatha. Tsopano odwala ndikuwalemba pamanja m'buku lalikulu, dzanja limachita dzanzi, iwo akung'ung'udza kuti ndikuchedwa. Ndikafika kunyumba ndimangokhala pampando nsapato zili kuphazi.

Kuntchito ndinanama, koma inu ndikuuzani zoona. Ndinazindikira. Ndinauwerenga katatu uthengawo, ndikudziwa bwinobwino kuti si mawu anu. Kungoti palibe anandiuzapo kuti "ndakusowa" kwa nthawi yaitali, ndiye ndinadzinyenga kuti mwina kutaliko anthu amasintha kalankhulidwe. Ndinkafunanso kuona wamng'ono uja, amene pamaliro anali kumsana. Pano ayenera kuti akuthamanga. Manyazi ndili nawo, Achemwali, ndipo ndakusowani.

Mkulu wa makompyuta uja akuti n'kutheka kuti akubawo analowa mu imelo yanu n'kutengamo maina a anthu amene mumalemberana nawo. Chonde sinthani pasiwedi, muchenjezenso anzanu kuti asatsegule zithunzi zilizonse za dzina lanu. Alamu akafunsa chimene ndalembera, muwauze kuti n'chimenechi. Koma mawu a mkulu uja anandigwira mtima, chifukwa ngati anatenga dzina langa kwa inu, ndiye kuti simunalifufute.

Mawu amene ndinalankhula pamaliro aja anali oipa. Ndinali nditatopa, monga ndatoperamu, koma kutopa si chifukwa. Pepani.

Mupereke moni kwa alamu. Anawo muwauze kuti mayi awo aang'ono alipo, ngati akundikumbukira. Mukafuna kuyankha, musavutike ndi mawu okoma. Mukayamba mwaulemu ndifufuta osawerenga, chifukwa ntchito ndikuifunabe. Mungondikalipira monga kale, ndidziwe kuti ndinu.

Ine mng'ono wanu,
Kamlomo